Galu Amene Mwana Wanga Anandisiyira

Mwana wanga woyamba atalembedwa ntchito ya ku migodi ku Joni, anandisiyira galu. Anali galu wofiirira, wa khutu limodzi logwa, amene anamulera yekha kuyambira ali kamwana. Tsiku lonyamuka, titamuperekeza mpaka kumsewu, anati, "Amayi, ameneyu ndidzamupeze." Ine ndinati, "Udzamupeza, yenda ndi Mulungu." Ndinayankha osaganiza n'komwe, poti mtima unali pa iyeyo, osati pa galu.

Chaka choyamba tinakhala bwino. Ankanditsogolera ku dimba la mbatatesi, ndipo Lamulungu ankandidikira panja pa tchalitchi ku Bembeke mpaka Misa ithe. Chaka chachiwiri, mvula itangosiya, anayamba kudzikanda. Ubweya unathothoka m'khosi, kenako pamsana, khungu n'kuchita nkhanambo zong'ambika. Zinali mphere.

Kwathu aliyense ankadziwa mankhwala a mphere za galu: oyilo wakuda amene watha ntchito m'chigayo. Ndinapita ndi kabotolo, wapachigayo n'kundithirira mwaulere. Ndinamupaka ndi chinsanza thupi lonse, mawa lake ndinabwerezanso. Ndinaona akudzinyambita, koma ndinangoti bola wasiya kukanda.

Pa tsiku lachitatu anasanza. Kenako anatsekula m'mimba, zakuda, zonunkha. Madeya amene ankawakonda anangowanunkhiza n'kutembenuka. Ndinamuphikira phala la mgaiwa lamadzimadzi, ndikuswera dzira momwemo. Bambo akunyumba anandipeza nditagwada pakhonde, ndikumumwetsa ndi supuni.

"Amayi, dzira limenelo ndi la galu?"

"Eya."

"Ine ndinadwala malungo sabata yathunthu, dzira sindinalione."

"Inu munkadya nokha, bambo. Uyu akukana."

Anapukusa mutu, koma madzulo ake ndi iwo omwe amene anabwera ndi saka loti agonepo, chifukwa chisanu cha Juni kwathu kuno sichisewera, ndipo galu anali wopanda ubweya.

Tsiku la dibi, losambitsa ng'ombe m'mankhwala, ndinamukulunga m'sakamo, ndinamuika mu dengu, khadi la chipani ndinamanga pa nsonga ya chitenje kuopa kubwezedwa panjira. Anali wopepuka ngati nkhuku ziwiri. Amuna amene anabwera ndi ng'ombe zawo anaseka. Wina anati, "Mayi, mwanayo wafanana ndi bambo ake." Ine ndinangotula dengu pansi. Alangizi a ziweto sanaseke. Anagwira khungu, n'kununkhiza zala zawo.

"Munamupaka chiyani?"

"Oyilo wa ku chigayo."

"Kangati?"

"Kasanu."

Ndinali ndisanasiye. Poona kuti akufooka, ndinkaganiza kuti mphere zalowa m'kati, ndiye ndinkaonjezera. Anandiuza mofatsa kuti mphere zokha sizikanamufikitsa apa, kuti zimene ankanyambitazo ndi zomwe zamuotcha m'mimba. Anati ndikamusambitse ndi sopo ndi madzi ofunda, ndizimupatsa madzi a mchere pang'ono ndi shuga, phala lochepa koma kawirikawiri, mafupa ndi usipa ayi. Pobwerera dengu linandilemera kuposa popita.

Ndinachita zonse. Masiku awiri anaoneka ngati akutsitsimuka, mpaka ananyambita phala yekha m'mbale, ine n'kuthokoza Ambuye mokweza. Ndinkapemphera kolona nditakhala pambali pake, ndikuchita manyazi pang'ono kuti ndikuvutitsa Amayi Maria ndi nkhani ya galu, anthu ali gone m'zipatala. Koma ndinkati, amene analenga mpheta akumudziwa uyunso. Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke, ndinamutulutsira padzuwa. Anagwedeza mchira kamodzi. Pobwera kotunga madzi ndinapeza watha.

Kwathu galu wakufa amangomutaya kuthengo. Ine ndinapempha bambo akumbe pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo anakumba osafunsa kanthu.

M'makalata opita kwa mwana wanga ndinkalemba kuti tonse tili bwino. Sindinafune kuti munthu ali pansi pa nthaka kudziko la eni azilingalira za galu. Atabwerako, asanafike n'komwe pabwalo, ndinamva likhweru lake lija kunjira. Analiza kawiri. Ndinatuluka kukamuchingamira.

Sindinanamizire mphere. Ndinamuuza za oyilo, ndi kuti dzanja linali langa. Anaika sutikesi pansi, tinapita ku mapichesi, anaima nthawi yaitali.

"Anavutika kwambiri?"

"Masabata awiri. Ndinkamupatsa mazira."

"Abambo analola?"

"Ankadandaula, koma saka anabweretsa ndi iwo."

Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Kenako anati, "Inenso ndikanapaka womwewo, amayi. Tiyeni kunyumba."

Ndimathokoza Mulungu kuti mwana anabwera wamoyo, ena anzake sanabwere. Koma chimene anandipempha chinali chimodzi chokha, ndipo sanachipeze. Mpaka lero kuchigayo ndimatuma ena. Fungo lija sinditha kulipirira.