Mpanda wa a Fackson Miti

Kufupi ndi Tamanda kulibe dimba limene silinaone dzanja la a Fackson Miti. Bambo awo, mphunzitsi wa pamishoni, ankafuna kuti mwana adzakhale kalaliki ku Chipata, koma mwana anasankha chikwanje. Zaka makumi anayi anazithera pomanga mipanda ya bango ndi minga kuti ng'ombe ndi nkhumba zisadye ndiwo za anthu. Pakamwa anali wofatsa, mwano unali m'manja. Mpanda uliwonse umene audutsa, ngakhale popita kumaliro, ankaugwira, kuugwedeza, n'kutsonya. Akazi awo, a Esnat, manyazi ankawagwira. "Bambo a Juliet, mudzatitukwanitsa," ankatero, koma amve ndani?

M'mawa wina mwezi wa Ogasiti a Fackson anadandaula mutu, n'kugwa pakati pa mizere ya anyezi. Mapiritsi a bipi anali atawasiya kalekale, ati mankhwala ndi a anthu odwala. Pofika nawo kuchipatala ku Chipata, mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, mawu atapita. A Fackson ankayang'ana akazi awo ngati mlendo, ndipo ichi n'chimene chinawapweteka a Esnat koposa. Sankapempha kuti amuna awo adzagwirenso chikwanje. Ankangofuna kudziwa ngati m'thupi logona pabedilo a Fackson adakalimo.

Patapita masiku, anamwino anati akawajambula chithunzi cha mutu. A Esnat anatumiza mawu kwa mwana wawo Juliet ku Kapata kuti akatenge kumudzi jekete ya kutchalitchi ya bambo ake ndi chipeso. Munthu wamkulu angajambulitse ali nyankhalala? Anamwinowo, Mulungu awadalitse, sanaseke. Anangoipinda jeketeyo bwinobwino, n'kubaya wodwala mankhwala pamtsempha, n'kumulowetsa mutu m'makina obulungira ngati mgolo.

Dokotala, mayi wachitsikana dzina lake Edita Soko, anawaitanira a Esnat pakompyuta. Chithunzicho chinalibe nkhope. Chinali ngati dzungu lodulidwa pakati, mbali imodzi kuli banga lozunguliridwa ndi mzere wowala.

"Amai, mtsempha unaphulika apa, magazi n'kutayikira mu ubongo," anatero dokotalayo. "Manje vuto ina ndi iyi. Pakati pa magazi ndi ubongo pamakhala ngati mpanda, wotchinga zoipa kuti zisalowe. Mankhwala tawabaya aja sayenera kuudutsa. Powala apa ndi pamene adutsa. Mpanda wawonongeka, ndiye ubongo ukutupa."

"Nanga womanga ndani, adokotala?"

"Thupi limamanga lokha, pang'onopang'ono. Kwa ena limakwanitsa, kwa ena ayi. Sindifuna kukunamizani."

A Esnat anabwerera kuwodi. Atakhala pampando pafupi ndi bedi, chisoni chawo chinasanduka ukali.

"Bambo a Juliet, ndadzionera ndi maso angawa. Mwamangira Tamanda yense, wanu mpanda n'kuusiya ugwe. Sindinkakuuzani ine za mapiritsi? Tsopano anthu ndikawauza chiyani?"

Maso a wodwala anali kudenga. Patapita kanthawi dzanja lamanzere linayamba kukwawa pabulangete mpaka linapeza zitsulo za m'mbali mwa bedi, zimene anamwino anaziimika kuti munthu asagwe. Linazigwira. Linazigwedeza kawiri, zitsulo n'kulira chifukwa cha kukhwepa. Ndipo a Fackson, ndi pakamwa pawo popotoka ndi matendawo, anatsonya.

A Esnat anadziphimba kumaso ndi jekete ija n'kulira mokweza, moti anamwino anathamangira poganiza kuti munthu watsikira kulichete.

"Ayi, ana anga," anatero akupukuta misozi. "Alimo. Tamangitsani zitsulozi, sanakondwe nazo."