Nsanza Zofiira Pamunda wa Apongozi

Azungu aja ndinawabweretsa ndine, ndi pakamwa panga pomwepa. Zimenezi sindibisa. Chinali chaka chachiwiri kapena chachitatu asilikali atabwerako kunkhondo yaikulu yachiwiri ija, ine ndikusenza mabelo a thonje pasiteshoni ya Balaka. Kwathu ndi ku Rivirivi, koma ndinakwatira kwa Mposa, kunsi kwa phiri la Chikala. Ndinali mkamwini kumeneko. Munda umene ndinkalima unali wa apongozi anga aakazi, munda wa chinangwa wotsamira phiri, ndipo ana anga awiri ankadya za m'menemo.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti sitima inatsitsa azungu asanu ndi atatu, atatu mwa iwo akazi, pamodzi ndi khukhi wawo, Myao wa chisoti choyera. Katundu wawo anali wachilendo: mahema, mabokosi, mtolo wa nsungwi, ndi matabwa aatali owonda, opindika kumutu ngati mphuno ya bwato. Khukhiyo anafunsa ngati panali wodziwa njira ya ku Chikala. Mawu anga ngakhale lero amawoloka mtsinje. Ndinakuwa kuti, "Phiri limenelo ndimaliyang'ana m'mawa uliwonse pokodza!" Anzanga anaseka, azungu anandikweza lole, ndipo ndinakhala kapitawo wa onyamula katundu.

Tikuwoloka Shire pa Liwonde ndinamufunsa khukhi uja kuti anthuwa akukatani kuphiri.

"Ndi kalabu iyi, achimwene," anatero. "Kwawo mapiri amakutidwa ndi chipale chofewa ngati ufa, ndiye amamanga matabwawa kumapazi n'kumatsetsereka. Kuno kulibe chipale. Amva kuti ku Chikala kuli udzu wouma woterera. Akhala sabata imodzi."

"Munthu wa ndevu zake akwere sitima kudzakhuluza matako pa udzu?"

"Azungu mumawadziwa inu? Walahi, ndinagwirapo ntchito kwa wina wothamangitsa agulugufe tsiku lonse."

Ndinangoti chabwino. Koma mtima sunati chabwino.

Anamanga mahema pamwamba pa chitunda, pomwe mphepo imachokera kunyanja ya Chilwa. M'mawa mwake anamasula mtolo wa nsungwi uja. Nsungwi iliyonse inali ndi nsanza yofiira kumutu. Anayamba kuzizika motsetsereka, iyi kumanja, iyo kumanzere, mpaka ziwiri zomaliza zinakaima m'mphepete mwenimweni mwa chinangwa cha apongozi anga. Mkulu wawo, mzungu wa ndevu zofiirira, anaima pamenepo, wotchi kudzanja ili, buku kudzanja linalo.

Bambo anga sanabadwire ku Rivirivi. Anathawira kumeneko kuchokera cha ku Zomba, kumene minda yawo inasanduka esiteti ndipo iwo anasanduka anthu a thangata pa nthaka ya amayi awo. Ankandiuza kuti zinayamba ndi mzungu mmodzi woseka bwino. "Mwana wanga, ukadzaona nsanza yofiira pansungwi ndi mzungu wa buku, yamba kumanga katundu." Ine sukulu ndinalekeza Sabu B, koma phunziro limenelo ndinakhoza.

Kutsetsereka ankatsetserekadi. Ankakhula matabwa ndi kandulo, kuwamanga kunsapato, kugwira ndodo ziwiri, n'kumatsika mokhotakhota pakati pa nsungwi. Udzu si chipale, ndiye ambiri ankangoima panjira kapena kugwa chadodolido, akazi n'kumaseka mpaka kutsokomola. Koma aliyense akafika pansungwi ziwiri zomaliza, wa ndevu uja ankayang'ana wotchi n'kulemba. Masewera anji olemba m'buku? Ife bawo timasewera tsiku lonse, palibe amalemba.

Madzulo a tsiku lachitatu ndinatsika kumudzi kukatenga mazira. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi aakazi sapenyana kumaso. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, atandifulatira, akuyankhula ndi mkazi wanga koma mawu akuwaponyera kwa ine.

"Uwauze amunako kuti tamva. Akuti ndi iwo anakuwa pasiteshoni. Pakamwa pamene tinkati pazitiopsezera anyani m'munda patiitanira eni buku."

"Amayi, akuti ndi masewera," anatero mkazi wanga.

"Masewera a nsanza zofiira? Uwauze kuti zikafika Loweruka zili m'munda mwanga, apinde mphasa yawo abwerere ku Rivirivi. Ana ndi athu, atsala."

Ine amene ndimayankha aliyense, tsiku limenelo ndinayankha nkhokwe. Ndinati, "Zamveka."

Pobwerera ndinamupeza khukhi akusenda mbatata. Ndinamufunsa chimene chinali m'buku lija.

"Nthawi basi. Akuona wothamanga kuposa mnzake."

"Mwawerenga nokha?"

"Iyayi, ine ndimawerenga Chiarabu."

"Nanga mwadziwa bwanji?"

"Anandiuza bwana."

"Eyaa! Fisi wakuuzani kuti akungowerenga mbuzi, inu n'kuvomera. Munda wanu uli kuti, akhukhi?"

"Ku Chikweo."

"Ndiye chifukwa chake mukusenda mbatata mtima uli m'malo."

Anandiloza ndi mpeni akuseka. "Achimwene, mawu anuwa adzakupachikani."

Tsiku lachinayi ndinadikira dzuwa lifike paliwombo. Azungu akadya masana amagona ngati ana, ndipo khukhi anali atapita kumtsinje kukasamba kuti aswali. Ndinazula nsungwi zonse khumi ndi zinayi. Kuzitaya sindikanatha, akanadula zina n'kuzikanso pomwepo. Ndinawoloka nazo khwawa, kumbali imene sikulima munthu, n'kuzizika monga ankachitira iwo, iyi kumanja, iyo kumanzere. Ndinati ngati akufuna malo, atenge miyala. Kunsi kwa malowo kunali chitedze chokhwima, chayangayanga pazitsamba. Ndinachiona. Sindinadzale ndine.

Atadzuka, aliyense anayesa kuti wasuntha ndi mnzake. Wina wamtali anaomba m'manja poona kuti kumeneko n'kotsetsereka kwambiri. Wa ndevu anapatsa mkazi wake buku, namanga matabwa kuti ayambe ndiye. Kunena zoona anatsika bwino, ngati mphamba. Anadutsa nsungwi zomaliza, nalephera kuima, nalowa m'zitsamba mutu woyamba. Awiri ena anamutsatira asanamve kukuwa kwake.

Amene chitedze sichinamugwirepo sangamve zimene ndikunena. Anavula malaya pamaso pa akazi awo, akudzikanda ndi ndodo zomwe zija, khungu lili psuu ngati nyama yosenda. Wina anathamangira kumadzi, khukhi n'kumakuwa kuti, "Madzi ayi, bwana! Phulusa!" Tinawakhula ndi phulusa thupi lonse mpaka anaoneka ngati anamwali otuluka kutsimba. Ine ndinakhula nawo, ndipo ndinakhula ndi mphamvu.

M'mawa mwake wa ndevu anatiimika tonse onyamula katundu pamzere. Khukhi ankamasulira. Funso linali limodzi: wasuntha nsungwi ndani? Khukhi anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumwamba. Sanandiulule, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero. Koma ndinaona maso a mzungu akutera pa mkulu wina wa kwa Mposa konko, wosayankhulayankhula, amene akanangovomera chifukwa cha mantha. Ndinatuluka pamzere.

"Ndine! Muuzeni kuti ndine. Munda uwo uli ndi mwini wake. Akaulemba m'buku, ine ukwati watha, ana atsala. Muuzeni momwemo, musachotse mawu."

Khukhi anamasulira nthawi yaitali, mwina anawonjezera zake. Mzungu uja anandiyang'ana, akukanda khosi. Ndinkadikira mbama kapena mawu akuti polisi. Koma anafunsa kuti, "Munda uti?" Ndinaloza. Anati iye ankayesa ndi tchire. Chinangwa cha apongozi anga, chopalira ine ndi manja awa, tchire! Pamenepo ndinakwiya kuposa poyamba.

Anatsegula buku n'kundionetsa. Munali manambala okhaokha, mizere mizere. Anati ndi nthawi. Ndinati, "Ngati ndi nthawi, yapita kale, mukuisungiranji? Ndipatseni." Khukhi anandiponda chala, koma anamasulira. Akazi aja anaseka. Wa ndevu sanaseke. Anang'amba mapepala atatu n'kundipatsa m'manja. Ndinati ndi nsungwi zomwe. Anakweza manja nati nditenge, iye zamukwana.

Masiku awiri otsalawo sanamangenso matabwa. Ankangoyenda pamwamba paphiri, akuyang'ana ku Chilwa ndi galasi loonera kutali. Chimene ankayang'ana kumeneko sindikuchidziwa, a m'mbali mwa nyanja ndiwo anganene.

Lachisanu madzulo, Loweruka lisanafike, ndinatsika ndi mtolo wa nsungwi paphewa. Ndinauponya pabwalo kuti mudzi wonse umve, ndipo mapepala ndinapatsa mkazi wanga kuti akapereke kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndinamva apongozi akufunsa kuti, "Munda wonse uli m'menemu?"

Ndinayankha nkhokwe kuti, "Wonse."

Anang'amba pepala limodzi, nakulungira fodya, nayatsa. Utsi utakwera anati, "Uwauze amunako kuti mphasa yawo yatha, uwalukitsire ina." Nsungwi zija ndinakonzera khola la nkhunda, nsanza zofiira mkazi wanga anagambira zigamba.

Munda uja ulipo, akulima ndi adzukulu anga. Iwo amati azungu aja ankangosewera, akuti anaona zotero pachithunzi. Mwina. Koma ine ndinaima pafupi ndi buku lija masiku atatu, ndipo ndinaona wa ndevu akulemba mapepala asanu. Anandipatsa atatu. Ndiye chifukwa chake chaka chilichonse udzu ukauma ndimauza adzukulu kuti akayendere malire a kumtunda, ndipo akabwera ndimawafunsa chimene aonako.