Khutu la Tiyamike ndi mabuku amene ndinatentha

Chinayamba ndi mutu. Linali Lolemba m'mwezi wa Meyi, tikukumba mtedza kumunda kwathu cha ku Kachebere, pamene mwana wanga wamkazi Tiyamike anabwerako kusukulu dzuwa lisanafike paliwombo n'kunena kuti mutu ukumuwawa ngati wina akuuwaza ndi nkhwangwa. Anali ndi zaka 17, ali Fomu 3. Ndinamupatsa panado n'kumukalipira kuti wachita kudziputa yekha ndi kuwerengawerenga kwake. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga ine mayi wake, ndipo mpaka lero amandipsetsa mtima.

Mwanayu ndi wokonda mabuku a nthano. Bambo ake amanyamula katundu wa anthu pa njinga kuboda, ndipo akafika mpaka ku Chipata ankamugulira mabuku a Chingerezi owerengedwa kale, aja amayala pansi m'mbali mwa msewu. Anali nawo asanu. Awiri anali a nkhani zamakedzana, awiri a atsikana a pasukulu, ndipo lina, limene ankalikonda koposa, linali ndi chithunzi cha chinjoka chamapiko pachikuto. Ankawerenga akuphika mpaka ndiwo kupserera, ankawerenga akusenda mtedza. Ine zinkanditopetsa, koma sindinkaonapo choopsa.

Lachiwiri thupi linatentha kwambiri, anasanza katatu, ndipo ankadzifunditsa chitenje kumaso chifukwa kuwala kunkamulasa m'maso. Madzulo a tsikulo anandigwira dzanja n'kunena momveka bwino kuti, "Amayi, ndipititseni kuchipatala." Bambo ake anali atamangirira kale pilo pakaliyala wa njinga kuti amunyamulirepo. Ndinawaletsa ndine, ndinati tidikire achimwene.

Kwa amene simudziwa za kwathu kuno, mwana ndi wa mbumba ya mayi ake. Amuna anga ndi akamwini, kwawo ndi ku Kasungu. Matenda akakula, amene amagamula kokamutula mwana ndi atsibweni ake, ndiye kuti achimwene anga a Lufeyo. Mwambowu sindiunyoza wonse, watisunga pa zambiri. Koma a Lufeyo anali ku Mkanda kokaona fodya wawo, ndipo anafika Lachitatu m'mawa, mwana khosi litauma gwa, osatha kuweramitsa mutu, akubwebweta. Ankalankhula Chingerezi ndi Chichewa mosakaniza, ati chinjoka chatseka phiri, ati tsegulani, mbuzi zifa ndi ludzu.

A Lufeyo anamvetsera pang'ono, n'kuona buku lachinjoka lija pamphasa. Basi, nkhani inathera pomwepo. Anati awa si matenda a kuchipatala, mwana walowedwa ndi zinthu za m'mabukumu, ndipo munthu wotere akamubaya jakisoni sadzuka. Anaitanitsa bambo wina wa mapemphero wa mudzi woyandikana nawo, amene anangoyang'ana chikuto chija n'kuvomereza zonse. Amuna anga atayesa kunena kuti khosi louma chonchi analionapo kwa mnzawo wa kabaza ndipo anachira kuchipatala, anayankhidwa pamaso pa anthu kuti, "Alamu, inu munabwera kudzakwatira pano, osati kudzalamula." Anangochokapo, ine sindinawaikire kumbuyo.

Moto ndinayatsa ndine. Sindifuna kuti wina aganize kuti anandigwira manja. Ndinatenga mabuku onse asanu, ndinathira parafini kuseri kwa nkhokwe, ndinayatsa, anthu akuimba nyimbo pakhonde. Amuna anga anafika moto ukulilima, n'kuvuula buku limodzi ndi mpini wa khasu, lachinjoka lomwe lija, litapsa kumbuyo. Sindinadziwe kuti analibisa m'thumba la panjinga. Mapemphero anachitika tsiku lonse, mwana akungobuula.

Lachinayi m'mawa anakomoka, thupi lonse likunjenjemera, maso atatembenuka. Apa amuna anga sanafunsenso munthu. Anakabwereka ngolo, tinamugoneka pamatiresi mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anamuyeza malungo, sanapezeke. Wachipatala anayesa kutukula mutu wake, thupi lonse linatukuka ngati thabwa. Anamubaya jakisoni pomwepo, n'kulemba kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu kuboma. Ambulansi tinaidikira mpaka masana chifukwa inali itapita kukatenga mayi wina woyembekezera.

Kuboma adokotala anati akufuna kutapa madzi a mumsana kuti adziwe matenda. Foni inalira, a Lufeyo, ati usalole, otapidwa madzi a mumsana onse amafa. Ndinadula foniyo ndili chiimire, koyamba pa moyo wanga kudula mawu a achimwene, ndipo ndinasaina pepala. Madziwo anatuluka otuwa ngati otsukira mpunga. Adokotala anati ndi matenda oumitsa khosi, tizilombo talowa m'zokuta za ubongo. Anandifunsa kuti anayamba liti, ndipo nditayankha kuti Lolemba, anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu anayenera kufika pano Lachiwiri." Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya khofi.

Moyo wa m'wodi ya amayi ndinauzolowera msanga. M'mawa ife odikirira odwala ankatitulutsa kuti akolope. Kenako ankabwera anamwino ndi kangolo ka mankhwala, jakisoni wodzera m'kapaipi ka padzanja, kusintha diripi, kuyeza kutentha kwa thupi. Cha m'ma 9 koloko adokotala ankazungulira bedi ndi bedi. Ine ndinkathamangira kumalo ophikira odikirira odwala kukaphika phala limene sankamwa n'komwe, ndinkachapa zofunda, ndinkamutembenuza kuti asachite zilonda. Masiku atatu sanandizindikire. Lamulungu masana anatsegula maso n'kupempha madzi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ali m'chipatala, kutentha kutatsika, anafunsa za mabuku ake. Ndinanamizira kufuna sipuni pansi pa bedi. Mawa lake bambo ake anabwera ndi buku lopsa lija m'jumbo, likununkha utsi ndi parafini, ndipo anamufotokozera zonse mosabisa, ine ndili pomwepo. Tiyamike sanalire. Anayesa kuwerenga koma zilembo zinkavina m'maso, ndiye anagona chammbali, kuyang'ana kukhoma. Namwino wina anandiuza kuti ndimuwerengere ineyo, zimuthandiza kuti mutu ubwerere m'malo.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, Chingerezi changa n'chopunduka. Ndinakhala kumbuyo kwake n'kuyamba kuwerenga motsitsa mawu kuti anzanga m'wodimo asandiseke. Iye anali atagonera khutu lakumanja papilo, lakumanzere lili m'mwamba, pafupi ndi pakamwa panga penipeni. Ndinamaliza tsamba lonse, ndikutuluka thukuta ndi mawu ovuta. Ndiye anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Amayi, bwanji simukuyamba?"

Umo ndi mmene tinadziwira. Adokotala anamuyeza, akumunong'oneza mbali iyi ndi iyo, ndipo anati khutu lakumanzere lafa, matendawa amatero makamaka akachedwa kulandira mankhwala, ndipo tisayembekeze kuti lidzatseguka. Ndinatuluka panja, ndinakaima kuseri kwa malo ochapira, ndinatukwana. Ndinatukwana achimwene, ndinatukwana bambo wa mapemphero uja, ndinadzitukwana ndekha koposa onsewo. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anagonera masiku awiri n'kudya khutu la mwana wanga.

Kuyambira tsikulo ndinkakhala kumanja. Ndinkawerenga ndime imodzi, iye n'kukonza mawu amene ndawapotoza, n'kundimasulira m'Chichewa. Nkhani yake inali ya mtsikana woweta mbuzi m'dziko lina losakhalako, kumene mvula inasiya kugwa chifukwa chinjoka chamapiko chinagona pakamwa pa phiri lotulutsa mitambo. Mtsikanayo anachiona ndi maso ake, koma akuluakulu a m'mudzi anakana kumumvera, ankangopha ng'ombe za nsembe. Ndiye ananyamuka yekha. Zimene ankabwebweta mwana wanga zija, za phiri ndi mbuzi zaludzu, zinali pa tsamba limene analekezera Lolemba. Ufiti wake unali womwewo basi.

Mayi wa shuga wa pabedi loyandikana nafe anayamba kutchera khutu. Kenako mtsikana wa chibayo wa kutsidya anakoka mpando. Pofika tsiku lachitatu lowerenga, adokotala akangotuluka, anthu ankandiitana, ati mayi a Tiyamike, tiyeni, mwana uja tinamusiya pamlatho wa zingwe. Ankatsutsana ngati nkhani ya pamudzi pawo, wina ati abwerere kwa amake, wina ati ayi, wafika kale patali. Ine amene ndinkati n'zotayitsa nthawi, ndinapsereza nyemba kumalo ophikira chifukwa chothamangira kukamva zotsatira. Kwa ola lathunthu fungo la m'wodi silinkamveka, ngakhale mayi wa shuga uja ankaiwala chilonda cha kuphazi.

Maso anga akatopa, Tiyamike ankatisimbira pamtima mabuku ena aja. Limodzi linali la anthu akale othawa nkhondo n'kukabisala m'mapanga ndi mbewu zawo m'zikwatu. Ndinkayang'ana mapiri athu a Mchinji pawindo n'kumadzifunsa kuti kodi makolo anga anabisala pati, funso limene sindinaliganizepo zaka zonsezi. Lina linali la mtsikana wa pasukulu amene anasunga vuto lake chaka chathunthu poopa amake. Pamenepo ndinayang'ana pansi.

Tsiku lina tili awiri ndinamufunsa kuti kwenikweni amapezamo chiyani m'mabukumu, poti zinjoka zamapiko kulibe. Anayankha mosakwiya, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anati, "M'menemo mtsikana wa msinkhu wanga akanena chinthu, nkhani imatsata iyeyo. Ine ndinati mundipititse kuchipatala, anthu akuluakulu anayi munakhala pakhonde kukambirana za ine, palibe analowa kudzandifunsa."

Bukulo silinathe. Titafika pamene mtsikana uja anaima maso ndi maso ndi chinjoka, masamba otsatira anali makala okhaokha, ankayoyoka m'manja. M'wodi monse munali kudandaula. Mayi wa shuga uja anawomba m'manja n'kufunsa kuti mfiti yake ndani inatentha buku pabwino chonchi. Ndinati ndine. Ndinawauza zonse, kuyambira pilo wa pakaliyala mpaka parafini. Palibe anaseka, ndipo mayiyo anangoti nawonso phazi lawo analisunga miyezi iwiri kwa asing'anga.

Tinatuluka patatha masabata awiri, mwana atawonda, akuyenda chodzandira. A Lufeyo anabwera kudzamuona n'kunena pamaso pa abale kuti mwaona, mabuku aja atangopsa zinthu zinayamba kuyenda. Aaa, mutu wanga unazungulira. Ndinawauza kuti mbumba ndi yawo, inde, pa ukwati ndi pamaliro tidzawaitana, koma mwana wanga akadzatenthanso thupi adzamva tili kale m'ngolo. Ndinapepesanso amuna anga pomwepo, onse akumva. Achimwene sanandilankhule miyezi itatu, ndipo sindinawonde nazo.

Panopa papita chaka. Tiyamike ali Fomu 4, thupi linabwerera, kudzandira kunatha, mutu umangomuwawa mwa apo ndi apo akatopa. Tinapitanso kawiri kukayezetsa khutu, silinasinthe. M'kalasi amakhala kutsogolo, mbali yoti khutu labwinolo liloze kwa aphunzitsi. Pamsewu wa kuboda ndimachita mantha, chifukwa thiraki ikalira sadziwa msanga kumene ikuchokera. Bambo ake amafunsabe ku Chipata buku lachinjoka lija kuti timve mathero ake, sanalipezebe, koma abweretsa ena atatu, ndipo ndimawawerenga nanenso.

Inu makolo anzanga, mwana akadandaula mutu woopsa, thupi likutentha, akusanza, akuthawa kuwala, khosi likuuma, nyamukani tsiku lomwelo. Munthu wotentha thupi amabwebweta zimene zili m'mutu mwake, mlimi amabwebweta za fodya, mwana wowerenga amabwebweta za m'buku. Pempherani muli panjira, atsibweni muwaimbire foni mutafika. Madzi a mumsana aja sanaphe mwana wanga, ndi amene anaonetsa mankhwala oyenera.

A Lufeyo anayambiranso kubwera kwathu, ndipo malangizo sanawathere. Tiyamike amawalandira mwaulemu wonse, amagwada, amawapatsa mpando, n'kukhala pansi atawalozetsa khutu lakumanzere. Iwo amamuyamikira kuti mwanayu masiku ano samayankha akuluakulu. Ine ndikafuna kulankhula naye ndimayamba ndazungulira kumanja, kangapo patsiku, ndipo ulendo uliwonse ndimakumbuka kuti pilo anali atamangidwa kale Lachiwiri.