Tsiku Limene Pak Warsidi Anasuntha

Pak Warsidi agwira ntchito pa nyumba ya mapampu ya m'mudzi wa Karangasin zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezi nyanja sinawapatseko tchuthi. Ntchito yake ndi yosavuta kuifotokoza. Nyanja ikakwera, amatseka chitseko cha ngalande n'kuliza mapampu atatu kuti alavulire madzi kuseri kwa khoma. Ikatsika amatsegula, n'kutenga ndodo ya ngowe kukawola mapulasitiki, matewera ndi nthambi zimene zatseka sefa. Mawa lake amayambiranso. Mudziwo ukumira pang'onopang'ono ndipo palibe amene sakudziwa. Pansi pa nyumba yawo athirapo dothi ndi simenti katatu, moti masiku ano munthu wamtali amalowa chowerama ngati wabwera kudzapepesa.

Ndi munthu wosachulutsa mawu. Sukulu analekezera panjira, koma injini amaimva ndi khutu. Pampu yachiwiri ikayamba kukhosomola Lolemba, amadziwa kuti ifa Lachinayi. Mainjiniya a boma akabwera ndi zipewa zawo zoyera, iwo amaima pambali atapinda manja, n'kumavomera chilichonse: "Eya bwana, nzoona bwana." Alendowo akachoka amabwezera zinthu mmene zinalili, ndipo mapampu amapitiriza kuyenda.

Mkazi wawo Sumirah anapita ku Arabia kukagwira ntchito ya m'nyumba mwana wawo Wening ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Asananyamuke, Mbah Sarpin, mkulu wogulitsa zakudya za mbalame kumsika amene amawerengeranso anthu masiku amwayi ndi atsoka, anatsegula buku lake n'kunena kuti munthu wobadwa tsiku la Sumirah asakasake moyo kumadzulo, chifukwa khomo limenelo ndi lotseka kwa iye. Pak Warsidi nthawi imeneyo anali akadali ndi matama a unyamata. Anaseka, nati ndege siwerenga buku la wogulitsa mapira. Chaka chachiwiri Sumirah anadwala masiku anayi okha, ndipo anamuika komweko. Kuno kunangobwera sutikesi yake. Kuyambira pamenepo Pak Warsidi sanakwezepo denga, kugula njinga yamoto kapena kudula mtengo asanakafunse kwa Mbah Sarpin. Alipo amene amawaseka, koma amenewo sanalandirepo sutikesi.

Wening analeredwa ndi Budhe Kasmi, mlongo wawo wamkulu wa Pak Warsidi, amene amagulitsa mpunga pa geti la sukulu, koma kukula kwenikweni anakulira ku mapampu. Ntchito ya kusukulu ankalembera pa mgolo wa oyilo. Ali ndi zaka khumi anafunsa chifukwa chimene madzi amene atayidwa kunja amabwereranso kudzera pansi pa khoma. Mutu wa mwanayo unkagwira. M'chaka chake chomaliza ku sekondale, aphunzitsi anapereka dzina lake ku bungwe lina limene limalipirira ana kukaphunzira uinjiniya kunja. Fomu yake inali ndi mizere itatu yokha: mayunivesite atatu, kuyambira imene ukuifunitsitsa, kholo lisainire, ndipo ukatumiza palibe kusintha.

Mwana wina akanangolemba mayina atatu otchuka n'kupita kokasewera. Wening anatola katoni ya mafyuluta, naiphwasula, naikhoma pakhoma la nyumba ya mapampu. Analembapo mayunivesite khumi ndi imodzi, ndipo pambali pa iliyonse anayikapo chilankhulo chimene amaphunzitsira, mayeso amene amafuna, chimene amachidziwa bwino, kuzizira kwa dzikolo, ndiponso ngati kuli nyama ya halali. Kwa milungu isanu ankafufuta. Ya ku Germany inagwa chifukwa cha chilankhulo. Ziwiri za ku America zinkafuna mayeso ena amene tsiku lake linali litadutsa. Ya ku Korea inali yabwino pa zopanga sitima za pamadzi, koma iye analibe nazo chidwi sitima. Ina anaichotsa atalemberana ndi mtsikana wa ku Semarang amene amaphunzira kumeneko, yemwe anamutsina khutu kuti zithunzi za pa intaneti ndi zokongola kuposa malowo.

Budhe Kasmi anali ndi muyeso umodzi wokha pa dziko lililonse.

"Kumeneko amadya mpunga?"

"Amadya buledi ndi mbatata, Budhe."

"Fufuta. Udzabwera utauma ngati nsomba ya pathandala, anthu n'kumati azakhali ake ankamumana."

Pomaliza zinatsala zinayi. Ya ku Taiwan inali ya tizipangizo ta m'mafoni ndi makompyuta, ya ku Japan ya nyumba zopirira zivomezi, ya ku Australia ya migodi. Yachinayi inali ya ku Holland, ya makoma a nyanja, ngalande ndi mapampu, ndipo Wening anali atailemba ndi inki yofiira.

"Anthu a kumeneko amagona kunsi kwa nyanja ngati ife, Pak," anauza bambo ake, "koma mapazi awo ndi ouma."

"Omwe aja ankakwapula agogo athu m'minda ya nzimbe?" anatero Budhe Kasmi. "Ukukapempha nzeru kwa amenewo?"

"Anatitengera zambiri, Budhe. Ndikukatengako pang'ono."

Loweruka Pak Warsidi anamukweza Wening pa njinga yamoto kupita kumsika.

Anamupeza Mbah Sarpin atakhala pakati pa matumba a mapira ndi mabokosi a nkhululu, akukangana ndi munthu wofuna kubweza njiwa yosalira. Atathana naye anapukuta magalasi n'kutulutsa buku.

"Mwanayu ndi wa Lachiwiri Wage, eti?" Wage ndi limodzi mwa masiku asanu a msika, amene pa kalendala ya makolo amaphatikizidwa ndi masiku a pa sabata. Mkuluyo anaphatikiza nambala ya tsikulo ndi ya Lachiwiri, nayendetsa chala. "Kumpoto kuli chakudya chake. Kummawa kuli ulemu. Kummwera sadzalemera, komanso sadzagona ndi njala. Kumadzulo ayi."

Wening anatulutsa foni n'kuwaonetsa mapu. "Holland si kumadzulo kwenikweni, Mbah. Taonani, ndi chakumpoto."

"Kuno kukacha, kumeneko kumakhala kwacha?"

"Kumakhala kusanache."

"Ndiye kuti dzuwa likatisiya ife limapita kwa iwo. Ndi kumadzulo kumeneko, Nduk, mwana wanga."

"Koma dziko ndi lozungulira, Mbah. Nditalowera kummawa osaima, ndikafika komweko."

"Inenso nditatulukira pakhomo la kutsogolo n'kuzungulira nyumba ndikafika kuchimbudzi. Koma chimbudzicho chili kuseri basi."

Wogula njiwa uja, amene anali asanachoke, anaseka mpaka kutsamira thumba. Pobwerera, ataima pa mlatho kudikira galimoto ya miyala kuti idutse, Pak Warsidi anayankhula osatembenuka.

"Wamva, Nduk."

"Ndamva, Pak."

"Amayi ako ndinawalola ndine. Sindingathe kawiri."

Wening sanalire ndipo sanakangane nawo. Akanamenyetsa zitseko zikanakhala zopepuka, chifukwa mwana wamwano kholo limadziwa pomugwira. Iye anangotenga mpeni n'kudula bwinobwino mzere wofiira uja pa katoni, n'kusiya bowo looneka njerwa. Pa fomu analemba Taiwan, Japan, Australia, naiyika pa mgolo ndi cholembera pamwamba kuti bambo ake asainire. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi kuti atseke kulandira.

Pak Warsidi anaisiya fomuyo pamenepo masiku anayi, akumati manja awo ali ndi girisi. Tsiku lachinayi nyanja inakwera masana kuposa mmene amayembekezera, ndipo Wening anabwera kuchokera kusukulu nsapato zili m'manja, nagwira ngowe kuthandiza kukawola sefa monga mwa masiku onse. Madzi atayamba kutsika, bambo ake anamufunsa:

"Ku Taiwan'ko amaphunzitsako za madzi?"

"Pang'ono, Pak. Kwenikweni ndi za mafoni."

"Ndiye ukazikonda?"

"Ndi ntchito yabwino, Pak. Nzoona ndithu, ndi yabwino."

Ananena atapinda manja, akuyang'ana pansi, ndi mawu osalala. Pak Warsidi anawazindikira mawuwo, chifukwa ndi omwe iwo amayankhira anthu a zipewa zoyera. Zinawawawa kwambiri kuona kuti mwana wawo wayamba kuwayankha ngati bwana, ndipo anamvetsa kuti adzawayankha choncho moyo wake wonse, mwaulemu, osawadandaulira ngakhale kamodzi.

M'mawa mwake anapita kumsika okha.

"Mbah, tsiku limasintha nthawi yanji?"

"Warsidi, wabwera m'mawa wonsewu kudzafunsa zimene mwana wa zaka zisanu akudziwa? Dzuwa likalowa, kumzikiti akaitana, tsiku lina layamba."

"Ndiye tinalakwitsa. Wening anabadwa kumzikiti ataitana kale. Pa pepala la boma analemba Lachiwiri chifukwa boma limawerenga zake. Mwanayu ndi wa tsiku lotsatira, Lachitatu Kliwon."

Mbah Sarpin anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mlongo wako wakhala akuphika phala lofiira ndi loyera Lachiwiri Wage lililonse, kudyetsa tsiku la mwanayu kuti limusunge. Iwe n'kumadya nawo. Lero ndiye wakumbuka?"

"Ndakumbuka lero."

"Mzamba anamwalira. Mayi wake anamwalira. Kasmi nthawi imeneyo anali ku Jakarta. Mboni watsala wekha."

"Ndatsala ndekha, Mbah."

Mkuluyo anausa moyo, nanyowetsa chala, natsegula tsamba lina. "Lachitatu Kliwon. Kumadzulo kuli chakudya chake. Kumpoto ndi kummawa kulibe vuto. Kotseka ndi kummwera." Anatseka buku. "Ine ndimawerenga zimene andiuza, Warsidi. Buku ungalinamize. Koma tsiku limamudziwa mwana wake."

Pak Warsidi anathokoza, nagula theka la kilo ya mapira ngakhale alibe mbalame, nabwerera kuntchito.

Wening atafika masana anapeza fomu yatsopano pa mgolo, yosalemba kanthu, koma yosainidwa kale pansi. Bambo ake anamufotokozera nkhaniyo mwachidule akumanga lamba wa pampu. Australia ichoke, anatero, chifukwa ili kummwera. Pamwamba alembe zimene akufuna.

"Pak, mukukumbukiradi?"

"Ndinalipo ine. Iwe unatanganidwa ndi kulira."

Wening anawayang'ana kumsana. Ndi mwana wanzeru, ndipo mwina anaona kuti funso lachiwiri silikufunika. Analemba Holland, Japan, Taiwan, najambula fomuyo ndi foni, naitumiza ali chiimire pakati pa phokoso la mapampu. Budhe Kasmi atamva anakalipa sabata yathunthu chifukwa cha mpunga ndi shuga zimene anawononga pa tsiku la mwana wa eni. Kenako anasamutsira phala lake Lachitatu, nauza msika wonse kuti mlongo wake injini amaimva koma kalendala imamupitirira. Patatha miyezi inayi yankho linabwera, ndipo mu Ogasiti Wening anakwera ndege yolowera kumadzulo atanyamula botolo la tsabola ndi jekete lalikulu lobwereka.

Zoona zake n'zakuti tsiku limene Wening anabadwa dzuwa linali likadali pamwamba pa maiwe a nsomba. Pak Warsidi anali panja pa chitseko, ndipo akukumbukira mthunzi wa mtengo wa mango utangofika pa chitsime. Anapeza nthawi yotsuka nsengwa ya mwanayo, kuikwirira pambali pa khomo monga amachitira bambo aliyense, kusamba ndi kuvala malaya oyera, kumzikiti asanaitane. Palibe chimene anaiwala, ndipo buku la Mbah Sarpin amalikhulupirirabe lero monga ankalikhulupirira tsiku limene sutikesi inafika.

Wening amaimba foni Lamlungu lililonse. Amadandaula za mphepo ndi za njinga yake imene anamubera, n'kufotokoza za mapampu aakulu ngati nyumba, bambo ake n'kumafunsa kuti sefa zake amakawola ndani. Amaseka naye. Foni ikalira tsiku lina losakhala Lamlungu, amaisiya ilire kawiri kaye asanaigwire.

Pa masiku makumi atatu ndi asanu alionse Lachiwiri Wage limabweranso. Tsiku limenelo Pak Warsidi amanyamula mpunga pang'ono ndi shuga wofiira m'thumba la ovolosi, ndipo masana, pamene kulibe wodutsa, amaphika phala pa sitovu ya kuntchito, mbale imodzi yofiira, ina yoyera. Kuphika sadziwa, limapserera pansi nthawi zonse. Amaliyika pa mgolo, n'kutchula dzina la mwana wawo ndi tsiku lake lenileni, n'kupempha kuti ngati pali wolipira bodzalo akhale amene analinena. Akatero amadya mbale zonse ziwiri okha, ali ndi mantha, n'kuzitsuka msanga kuti Budhe Kasmi asadzazione.