Ndinagwada m'bango apongozi akutsegula botolo

Kwathu ku Dowa ankanditcha wapakamwa, ndipo sindikana. Ndikaona chinthu chokhota ndimanena pomwepo, kaya ndi pachigayo kaya ndi pamaliro. Koma nditakwatiwa ku Mzimba, kumudzi wina kupitirira Edingeni, ndinapeza munthu mmodzi amene pakamwa pangapa panalibe ntchito pamaso pake. Munthuyo anali apongozi anga aamuna, amene kuno timati adada vyala.

Mwambo wake ndi wotere. Mkamwana salankhula ndi apongozi aamuna. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada, nkhope kuyang'ana kutchire, mpaka adutse. Ukakhala ndi mawu umauza apongozi aakazi, amama vyala, iwo n'kufikitsa, ngakhale mwini wakeyo ali pompo akumva zonse. Tsiku limene mkuluyo wafuna amakupatsa nkhuku, ndiye kuti wakumasula, mutha kupatsana moni ndi kucheza. Akazi anzanga analandira nkhuku zawo chaka choyamba. Ine zinatha zaka zisanu ndi ziwiri, nkhuku osaiona. Ndinamva kuti adada vyala ankati, "Uyo pakamwa m'potsegula kale, tikamupatsa nkhuku tikhala kuti?" Ndinkaseka nawo anthu akamanena zimenezi, koma mumtima zinkandiwawa.

Amuna anga anali ku Joni, monga amuna ambiri a kuno. Ankagwira ntchito yosankha nsomba kudoko, kutali ndi mzinda weniweni wa Joni, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Akaimba foni ankandiuza kuti kumeneko nsomba yaing'ono amaibwezera m'madzi, ndipo Loweruka anthu a m'dera lawo amatuluka kukatola mapulasitiki ndi maukonde ong'ambika pamchenga kuti mbalame zisakodwe. Ine ndinkangoti, "Inu muzisamala nyanja ya eni, mkazi wanu akudyedwa ndi chiswe kuno." Zoona, sindinkakhazikika. Pabwalo ndinkasesa kawiri. Nthawi zina ndinkakwera galimoto kupita ku Boma popanda chokagula, kungokaima pamene mabasi a ku Joni amatsitsira katundu, n'kubwerera madzulo mapazi ali mbuu.

Ndiye alangizi atabwera ndi nkhani yosamala mtsinje, ine ndinali woyamba kukhala patsogolo. Kumunsi kwa mudzi wathu kuli dziwe limene siliphwa ngakhale mwezi wa Okutobala, mtsinje wonse utasanduka mchenga. Ng'ombe zimamwa pamenepo, a fodya amatunga pamenepo madzi othirira nazale, ndipo mmenemo ndi mmene milamba, makumba ndi matemba zimabisala kudikira mvula. Munalinso akatumbu, tinyama ta m'madzi tija todya nsomba ndi nkhanu. Mudzi unasankha komiti ya anthu khumi yoyang'anira dziwelo. Ponditchula ine mayi wina anati, "Ikani wa ku Dowayo, akamakuwa amamveka mpaka ku Zambia." Anthu anaseka, ine ndinavomera.

Malamulo anali ochepa: osaphera nsomba neti ya udzudzu, osatsukira mpope wopopera fodya m'dziwe, osathira mankhwala alionse m'madzi. Lomalizali ndi limene linagwira adada vyala pakhosi. Kuyambira kale, chaka chilichonse mvula isanagwe, akazi ankasinja masamba a mtetezga, chitsamba choledzeretsa nsomba monga katupe wa kwathu, n'kuwaika m'masaka. Woponya saka loyamba m'dziwe ankakhala mkulu wa banja lathu, chifukwa agogo awo ndiwo anayamba kumwetsa ng'ombe pamenepo. Nsomba zinkaledzera n'kuyandama, mudzi wonse n'kutola ndi madengu. Umenewo unali ulemu wawo, ndipo komiti inawalanda. Pamsonkhano uja anangotola chipewa chawo n'kumapita.

Ine tsiku langa loyendera dziwe linali Lachinayi. Ndinkalikonda tsikulo kuposa Lamulungu, Mulungu andikhululukire. Ndinkakhala m'bango dzuwa likungotuluka, kuonerera katumbu wamkazi ndi ana ake awiri akutsetsereka pamatope, kugwera m'madzi, kukweranso, ngati ana a sukulu opanda ntchito. Ndi malo okhawo amene ndinkatha kukhala pansi osaganiza za mabasi.

Chaka chachiwiri cha komiti, amuna anga anatumiza uthenga kuti abwera mu Novembala, patatha zaka zinayi. Adada vyala anasangalala chomene. Ndinawamva akuuza amama vyala kuti mwana wawo sangafikire pa nyemba, adzadya mlamba wowamba wa m'dziwe la agogo ake. Anawauza kuti asinje mtetezga. Amama anakana, ati manja akuwawa komanso akuopa komiti. Tsono mwamuna wa kuno kugwira munsi, ndani anaonapo?

Lachinayi lotsatira mnzanga amene tinkayendera limodzi anapita ndi mwana kusikelo, ndiye ndinatsikira kudziwe ndekha. Ndili m'bango muja ndinamva chifuwa chimene ndinkachidziwa bwino. Potukula maso ndinaona adada vyala akutsika ndi njira ya ng'ombe, botolo likusuzumira m'thumba la jekete. Botolo limenelo ndinkalidziwa, linkakhala pamwamba pa khoma m'chigafa, la mankhwala ophera mbozi pa nazale ya fodya.

Apa ndi pamene ndimadzida mpaka lero. Ine wapakamwa, ine womveka mpaka ku Zambia, miyendo yanga inagwada yokha. Ndinatembenuza nkhope kuyang'ana bango monga ndinkachitira zaka zonsezo. Ndinamva chitsekerero chikutseguka. Ndinamva akuthira, kuima, kuthiranso, kuima, kuthiranso. Anayeza zitsekerero zitatu, mosamala, monga amayezera akamathira mumpope, chifukwa sanali munthu wosakaza zinthu. Iwo ankaganiza kuti nsomba zingoledzera ngati ndi mtetezga, atole zikuluzikulu, mawa madzi ayere. Mawu anali pakhosi panga apa, "Adada, musathire!" koma sanatuluke. Pobwerera anadutsa pafupi moti ndinaona nsapato zawo. Chitenje changa chinali chofiira, anandiona ndithu. Anangokonza pakhosi n'kupitirira, podziwa kuti mkamwana alibe pakamwa.

Dzuwa lisanafike pamutu, dziwe lonse linali mbee ndi mimba za nsomba. Milamba yotalika ngati mkono, makumba, matemba, ngakhale tiana tosaoneka bwino ndi maso, achule, nkhanu, zonse. Mayo ine! Pamenepo ndiye pakamwa panga panatseguka, zinthu zitaonongeka kale. Ndinathyola nthambi n'kukaima panjira ya ng'ombe kuzibweza. Ndinakuwira akazi amene anali atafika kale ndi madengu, "Tayani! Musadye, mupha ana!" Mmodzi anandiyankha kuti nsomba yofa ilibe komiti. Ndinamulanda dengu n'kulikhuthulira pamchenga, tinatsala pang'ono kugwirana. Adada vyala sanabwerenso kudzatola ngakhale imodzi. M'mawa mwake tinapeza katumbu wamkazi uja atafa m'bango, thovu lili kukamwa. Ana ake palibe anawaonanso.

Mudzi unafuna munthu woloza, ndipo unamupeza msanga. Pafupi ndi dziwe panali nazale ya tenanti wina wochokera ku Dedza, wolima fodya wa bwana wina wa m'mudzi womwewo. M'chisakasa chake anapezamo botolo lopanda kanthu la mankhwala omwewo. Tsono wolima fodya ndani alibe botolo limenelo? Koma iye anali wobwera, wopanda m'bale womuikira kumbuyo. Bwana wake anati msonkhano wa Lolemba ukamupeza wolakwa achoke, iye ndi mkazi wake ndi ana atatu, nazale aisiye.

Masiku anayi amenewo sindinadye bwino. Ndinkalowa m'nyumba, kutuluka, kupita kumunda osanyamula khasu, kubwerera. Ndinaimbira amuna anga n'kuwafotokozera zonse. Iwo anati, "Amenewo ndi adada. Ukakawatchula pagulu, ine ndikamafika ndisadzakupeze pamenepo." Ndinawafunsa, "Nanga zija mumandiuza za nyanja yanu?" Foni inadulidwa. Kuno ng'ombe za malowolo zikaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Ndikanati ndichoke, ndikanachoka ndekha, atsikana anga awiri n'kutsala. Ndinkawayang'ana akupesana tsitsi pakhonde, mtima n'kumaphwanyika. Akuluakulu sananame, khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinapita kunyumba kwa apongozi. Adada anali pampando pakhonde, amama pamphasa akusankha mtedza. Ndinagwada kumapeto kwa khonde n'kunena kuti, "Amama, muwauze adada kuti mawa andifunsa amene ndinamuona kudziwe, chifukwa tsikulo linali langa." Amama anabwereza mawuwo m'Chitumbuka, osakweza maso. Adada anayankha akuyang'ana kukhola, "Mumuuze kuti munthu wogwada amaona dothi basi." Amama ananditembenukira, maso ali ndi misozi, nati, "Mwamva, mwana wanga. Mbwenu mungokhala chete." Ndinadzuka mutu ukuwira. Ndikanakhala ndi mbale m'manja ndikanaiswa.

Lolemba tinasonkhana pansi pa mitengo ya mango ya pasukulu. Tenanti uja anamukhazika pansi pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja. Ankadzikanira m'Chichewa cha kwathu chenicheni, anthu n'kumaseka kalankhulidwe kake. Mkazi wake anali kumbuyo, mwana ali kubere. Kenako wapampando wa komiti ananditchula: "Amayi, Lachinayi linali tsiku lanu. Munaona chiyani?"

Ndinaimirira. Ndinayang'ana kumene kunakhala adada vyala, kudikira kuti mwina adzuka okha. Iwo maso anali kuphiri. Ndinadikirabe mpaka wina anati, "Lero wailesi yatha mabatire." Basi zinatuluka zokha.

"Si bambo awa. Ndi adada vyala anga. Ndinalipo, ndinamva akutsegula botolo, ndipo ndinagwada osanena kanthu. Ngati pali chilango nanenso mundipatse."

Bwalo lonse linachita phokoso. Mayi wina anakuwa kuti Mchewa alibe mwambo. Amama vyala anaphimba nkhope ndi chitenje. Adada anavula chipewa n'kunena mawu amodzi, "Mbunenesko," ndiye kuti n'zoona. Anaonjezera motsitsa mawu kuti zinali zitsekerero zitatu zokha. Tenanti uja anadzuka, kusasa fumbi pathalauzi, n'kutsogoza mkazi wake kubwerera ku nazale. Komiti inagamula kuti adada adzale nsungwi ndi mikuyu m'mbali mwa dziwe n'kumathirira mpaka mvula itakhazikika, ine ndiwathandize monga ndinapempha ndekha.

Novembala anafika, amuna anga osabwera, foni yawo zii. Amama anasiya kunditumira mwana kudzapempha mchere. Kuchigayo akazi ankasiya nkhani ndikafika. Ndinalongedza zovala zanga m'chikwama n'kuchikankhira pansi pa bedi, kudikira tsiku limene andiuze kuti njira ndi iyo. Mtsikana wanga wamkulu anachiona, koma sanafunse, anangoyamba kunditsatira paliponse mpaka kuchitsime.

M'mawa uliwonse tinkathirira mitengo, adada kuyambira kumtunda, ine kumunsi, ndi madzi a pachitsime chokumba mumchenga. Dziwe linali zii, popanda ngakhale chule wolira. Tikakumana pakati ndinkatula ndowa, kupatuka n'kugwada, iwo n'kudutsa. Zinatero masabata atatu.

Tsiku lina ndagwada choncho, nsapato zija zinafika pafupi n'kuima. Ndinati basi, lero ndi lero, chikwama chija chituluke. Ndiye ndinamva kulira kwa nkhuku. Anaika pansi patsogolo panga thadzi lakuda, miyendo yomangidwa ndi luzi. Kenako analankhula, osati kwa amama, osati kwa khola, koma kwa ine, m'Chichewa chawo cholemera Chitumbuka.

"Mkamwana, mukadzandionanso nditatenga botolo, musadzagwade. Mudzakuwe."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkakonzekera moni umene ndidzawapatse tsiku limeneli. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana kumaso koyamba, ndipo ndinaona kuti ndi nkhalamba yoonda, maso ofiira. Misozi inangotsika, ya mkwiyo yeniyeni. M'malo mwa moni ndinati, "Adada, mukanandipatsa kale nkhukuyi, bwenzi akatumbu aja alipo."

Anayang'ana dziwe. "Ndikudziwa," anatero. Anatola keni yawo yothirira n'kupita kukathirira mkuyu wotsatira, ine ndinatsala pamenepo nditagwadabe, nkhuku ili pachifuwa.