Kansalu Kamene Ndinkachapa

Ine ndinachapa sayansi, ine! Ndinaichapa ndi sopo, ndinaiyanika pa udzu. Sekani, nanenso ndikuseka.

Kunali ku Bandawe, zaka zija za makadi a chipani. Kusukulu kwa mtsikana wanga kunabwera bambo wina wa ku koleji, woyeza utsi wa m'tauni, tsopano akufuna wa kumudzi. Anati usiku mpweya sugona, umanyamula tinthu tosaoneka, ife nkumameza tili mtulo. Anagawira ana tinsalu toyera: pachikani pakhomo la nyumba yogona, sabata yathunthu.

Mtsikana wanga anapachika kake. Ine kudabwa. Kansalu kagwira chiyani, nkhungu za m'nyanja? Koma masiku amenewo za boma sunkafunsa. Chondidya mtima chinali china: mng'ono wake, khanda loyamwa, ankatsokomola mwezi wachitatu, mankhwala a ku mishoni osathandiza.

M'mawa ndikuona kansalu kada. Ayi ndithu! Mlendo wovala nsapato adzaone zakuda pakhomo panga? Mwana akangopita kusukulu, ine kutsitsa, kuchapa, kuyanika, kubwezera. Tsiku ndi tsiku, ndikuimba.

Sabata itatha bambo uja anayenda m'makomo ndi ana. Anayang'ana kansalu kanga, mbee! Anayang'ananso thandala langa lowambirapo nsomba za utaka, lofuka usiku wonse pafupi ndi khomo.

"Ama, utsi wanu ndi waulemu bwanji! Ukulambalala nsalu?"

"Ada, pano ndi paukhondo," ndinatero.

Mtsikana wanga anakanunkhiza. "Ama! Kakununkhira sopo!"

Ana kuseka mpaka kugwa. Bamboyo anavula magalasi, kupukuta misozi. Khanda linatsokomola kumbuyo kwanga, iye nkusiya kuseka.

"Pachikaninso, ama, musachape. Chimene kakumwa kansaluka, mwanayu akumwanso."

Masiku atatu okha, kanada bii ngati khala. Ndinakaika pachikhatho, kuyang'ana, kuyang'ana. Zimenezi zikalowa mwa munthu zimakakhala pati? Nanga chifuwa cha khanda ndingachichape ndi sopo wanji?

Tsiku lomwelo ine ndi apongozi tinazula thandala, kukalikhoma kuseri kwa munda wa chinangwa, kumene mwera umakankhira utsi kuthengo. Kutali, inde, miyendo inadandaula. Koma chifuwa chinayamba kuchepa, kuchepa, mpaka zii.

Khanda lija lero lili ndi imvi. Likafuula kuitana ngalawa kuno, a ku Kande, mudzi wakutali uko, amayankha. Yewo, zikomo kansalu kanga, yewo!