Kamunthu kopanda pakamwa ka m'foni ya amalume

Foni ya amalume inali yakuda, yomanga ndi mphira, batani la pakati litafufutika ndi chala. Anabwera nayo kuchokera ku Furancungo mwezi wokumba mbatatesi, nthawi imene nkhungu ya kwathu ku Ntengo-Wambalame imafika mpaka pakhomo. Ndinali quarta classe, kalasi yachinayi, ndipo bambo anali atamwalira chaka chomwecho.

M'fonimo munali jogo, masewera aja a pa foni. Kamunthu kovala chipewa kankayenda m'midzi, anthu n'kumakayankhula ndi zilembo za Chipwitikizi, koma iko osayankha. Pakamwa kanalibe n'komwe. Ndiye ndinkakayankhulira ndine m'Chichewa, nditakhala pa thumba la mbatatesi, zala zili gwaa ndi chisanu. "Zikomo achimwene, tadutsa nawo." Amalume ankaseka: "Iwe, ukunditheratu bateriya ndi malonje!"

Mwana wanga lero amasewera jogo ya pa foni ya bambo ake, ya munthu wolongolola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine imanditopetsa. Iye amati yabwino ndi yomweyo, poti umadziwa zimene munthuyo akuganiza. Mwina akunena zoona. Kanga kaja ndinkakakonda chifukwa ndinkayesa kuti kakuganiza zomwe ndikuganiza ine.

Mu jogo ya amalume ija munali malo ena pamene nkhalamba ya pamlatho inkafunsa ngati ungainyamulire katundu. Pansi pankabwera mawu awiri: Sim, Não, kutanthauza eya ndi ayi. Ukadina Não, inkafunsanso. Tsiku lina ndinadina kakhumi, funso likungobwerera, mpaka ndinatopa n'kudina Sim.

Amalume sanabwere kudzationetsa foni. Akazi awo anali ndi mwana wakhanda, ndipo ankafuna kuti ndikakhale kwawo ndizikalera. Escola, sukulu yanga ija, anati, ndikapitiriza komweko "zinthu zikakhazikika". Aprofesora, aphunzitsi anga, anachita kutilondola kumunda kudzanena kuti mwanayu amawerenga bwino, musamuchotse. Amayi anawathokoza, n'kuwatapira mbatatesi.

Kwathu mwini mbumba ndi malume. Mwana wa mlongo wake ndi wakenso. Amalume anafunsa amayi Lachisanu tikusankha mbewu, amayi anangoti duu, akutaya zowola. Anafunsa Loweruka. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anafunsanso, anadikira pang'ono, kenaka anati, "Achemwali, mwakhala chete, ndiye kuti mwavomera."

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu, Lolemba, zovala zili m'chitenje cha amayi. Zinthu sizinakhazikike. Khanda lija litayenda panabwera lina, ndipo ku escola sindinapondekonso.

Njira yonse ya ku Furancungo tsiku lija ndinali nditawakwiyira amayi. Kamunthu kaja kanalibe pakamwa, koma iwo anali napo, nanga bwanji osangonena kuti ayi? Foni inali m'thumba la jekete la amalume, ikundigunda m'nthiti galimoto ikalowa m'dzenje. Ndinali nditadinapo Não kakhumi ndi chala changachi, funso ndikuliona likubwerera. Koma sindinkadziwa kuti masiku atatu aja amayi ankadina batani lomwelo.